Chifukwa chake mtsempha wa pamkono umameranso pomwe wa mumsana umavuta

Achemwali, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti mlongo wanu, amene anatemedwa ndi chikwanje pamkono n'kusokedwa, dzanzi lamutha patapita miyezi, pomwe mnansi wanu wothyoka msana pa ngozi ya njinga yamoto sakuyendabe. Nkhani yagona pa maselo osamalira mitsempha yonyamula uthenga m'thupi, otchedwa glia.

Pamkono, ulusi wa mtsempha umakutidwa ndi maselo a Schwann, ngati pulasitiki yokuta waya wamagetsi, kuti uthenga uzithamanga. Mtsempha ukaduka, mbali yolowera kuzala imafa, monga anaonera Augustus Waller pa achule mu 1850. Apa mpamene maselowa amandigometsa. Amasiya ntchito yokuta ija, amathandizana ndi maselo oteteza thupi kuchotsa zakufazo, kenako amandanda pamzere n'kumatulutsa timadzi toitana ulusi watsopano kuti udutse momwemo. Ulusiwo umamera pafupifupi milimita imodzi patsiku. Bala likakhala masentimita 20 kuchokera kunsonga ya chala, muwerengere miyezi 6 kapena 7. Kachilombo ka khate kamalowa m'maselo omwewa, n'chifukwa chake odwala khate amachita dzanzi m'manja ndi kumapazi.

Mumsana ndi muubongo okuta ulusi ndi ena, ma oligodendrocyte. Pakavulala, zotsalira zawo zimachedwa kuchoka, ndipo zili ndi mapuloteni oletsa ulusi kumera, monga Nogo amene anafufuzidwa ndi Martin Schwab ku Zurich. Maselo enanso, ma astrocyte, amamanga chipsera pabalapo. Kwa zaka zambiri mlandu wonse unkagwera chipserachi, koma mu 2016 gulu la Michael Sofroniew ku Los Angeles linaona pa mbewa kuti kuchichotsa sikumeretsa ulusi. Chipsera chomwecho ndi chimene chimatchinga kutupa kuti kusafalikire.

Chimene chimandilimbitsa mtima ndi cha ku Montreal mu 1981. Samuel David ndi Albert Aguayo anatenga chidutswa cha mtsempha wa pamwendo wa khoswe n'kuchilumikiza kumtsempha wa mumsana, ndipo ulusi wa mumsanawo unamera n'kulowa m'chidutswacho. Ndiye kuti mphamvu yomera ulinayo, chouletsa ndi malo omwe uli. Ndi iko komwe, mwana ali m'mimba maselo a ubongo amakwawa pa ulusi wa glia kuti akafike pamalo pake, monga anaonetsera Pasko Rakic mu 1972.

Komabe chonde, pakadali pano mankhwala olumikiza mtsempha wa mumsana woduka kulibe, ndiye banjalo lisagulitse katundu chifukwa cha wolonjeza jakisoni wa stem cell (maselo otha kusanduka maselo a mitundu ina). Ngati mtsemphawo sunadukiretu, mphamvu zina zimatha kubwerera, makamaka m'chaka choyamba. Mnansi wanuyo asamajombe ku mafizo, muzimutembenuza maola awiri aliwonse kuti asatuluke zilonda, ndipo mkodzo ukasintha fungo kapena akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala.