Funsani Zamaluwa: Cosmos wanga wangokula masamba, duwa olo limodzi

FUNSO: Moni a Zamaluwa. Ine ndi mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe. Mvula itangoyamba mu Disembala ndinafesa cosmos kutsogolo kwa khonde, mbewu anandigawira mnzanga wa kutchalitchi. Ndinathira manyowa a nkhuku kenako ndinawonjezera ka Urea kotsala kuchimanga, ndipo tsiku loti mvula sinagwe ndimathirira m'mawa ndi madzulo. Pano wakula mpaka m'chifuwa, masamba biriwiri koma duwa olo limodzi, wina wagwa kale ndi mphepo. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Mayi, inu mwamulera cosmos ngati mwana wachisamba, vuto lagona pamenepo basi. Duwa limeneli kwawo ndi ku Mexico, kumene limamera lokha m'nthaka youma yopanda chonde chenicheni, ndiye mukalipatsa Urea amene ali ndi nayitrojeni 46 peresenti, pamwamba pa manyowa a nkhuku omwenso ndi aukali kale, limaona ngati lafika paukwati, limangodya nkumatulutsa masamba ndi tsinde lalitali lofewa, zamaluwa kuiwaliratu. Kugwa ndi mphepo kuja chifukwa chake nchomwecho.

Musazule ayi. Siyani feteleza lero lomwe, olo wakumwaza pakapinga asafike pamenepo. Kuthirira nakonso chepetsani, pisani chala m'dothi, ngati muli chinyontho kheni ibwerere m'nyumba. Amene wagwayo zikani tinsungwi pambali mumumangirire ndi luzi kapena kansanza ka chitenje, osakoka kwambiri poti tsinde lake silichedwa kuthyoka. Amene watalika mopitirira mudule kumtunda, gawo limodzi mwa magawo atatu, aphuka nthambi zambiri m'mbali. Kenako dikirani, cosmos wamtundu wautaliyu amakonda kumasula masiku akayamba kufupika, ndiye kwathu kuno kumapeto kwa Febuluwale mpaka Epulo mudzaona zosintha. Chinanso yang'anani dzuwa, akufuna maola 6 kapena kuposa patsiku, ngati khonde kapena mtengo wa mango ukumuphimba kuyambira 10 koloko ndiye maluwa adzakhala owerengeka ngakhale mutatani.

Chaka chamawa musavutikenso ndi nazale. Galauzani pang'ono, wazani mbewu pomwepo, kwirirani ndi dothi la theka la sentimita, pakatha masiku 7 mpaka 10 zamera. Ikanipo timinga kapena tinthambi touma chifukwa nkhuku za aneba zikaona dothi lofewa sizifunsa mwini wake. Patulirani kuti pakhale mpata wa masentimita 30, apa ndi pomwe ambiri timachita chisoni nkusiya zonse zothithikana, mapeto ake zimaonda ngati mapesi. Zikafika masentimita 20 kapena 30 tsinani nsonga ndi zala monga mmene mumatsinira nkhwani. Ndipo ngati pakhomo panu pamawomba mphepo funani mtundu wa Sonata umene umathera cha m'ma sentimita 60, osati Sensation amene amapitirira mita.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Joni. Chaka chilichonse cha mu Marichi ndi Epulo ndikamayenda pa N3 kupita ku Durban ndimaona maluwa a pinki ndi oyera thoo m'mbali mwa msewu, anzanga akuti ndi cosmos, amabzala ndani? Ndikufuna ndikabzale kwathu ku Mangochi, atheka?

YANKHO: Achimwene, palibe amawabzala amenewo, amadzifesa okha chaka ndi chaka. Nkhani imene imanenedwa kwambiri njakuti mbewu zake zinalowa ku South Africa zitasakanikirana ndi chakudya cha mahatchi chochokera ku Argentina nthawi ya nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi, 1899 mpaka 1902, kuchoka apo zinangofalikira ku Free State ndi madera ena okwera. Alendo amaimitsa galimoto nkumajambulitsa, koma mlimi wa chimanga wa komweko mukamufunsa akuuzani kuti ndi tchire, ndiye nanunso musakabzale m'mphepete mwa munda, amayi angakudandauleni nthawi yopalira.

Wa pinki ndi woyerayo dzina lake ndi Cosmos bipinnatus, masamba ake ang'onoang'ono ngati ulusi, amasangalala kwambiri malo ozizirirako ngati Dedza, Zomba kapena Mzuzu. Ku Mangochi ine ndingakusankhireni mbale wake Cosmos sulphureus, wa maluwa achikasu ndi a olenji uja, ameneyo kutentha sakuopa. Dzina loti cosmos analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku Spain, Antonio José Cavanilles, mu 1791, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza dongosolo, mukaliyang'ana duwalo pafupi muona tizipepala take 8 tandandalikana bwinobwino mozungulira pakati pachikasu.

Koma zonyamula mbewu m'chikwama pa Beitbridge ndi pa Mwanza musachite, mbewu kudutsa boda zimafuna zikalata za boma ndipo akhoza kukulandani. Funani konkuno, m'mashopu ogulitsa mbewu kapena kwa aliyense amene ali naye pakhomo, chibakera chimodzi chikwanira bwalo lonse. Mukaziona mbewuzo museka, zakuda zazitali zowonda ngati za chisoso, ndipo nzoona ndi pachibale, banja lawo ndi limodzi ndi mpendadzuwa. Kungoti chibalecho chisakunamizeni nkukathyola masamba ake kuti mutendere, ameneyu ngwamaso chabe.

FUNSO: Wanga wamasula bwino koma kunsonga kwadzaza tizilombo tobiriwira ndi nyerere zokwera nkumatsika. Komanso mbewu ndingasunge bwanji? Mtsikana wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achemwali, zimenezo ndi nsabwe za m'masamba, zomwe zija zimavuta pa rape ndi mpiru, nyererezo zikungotsatira timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa. Musathamangire mankhwala a tomato, mupha njuchi ndi agulugufe amene amabwera pamaluwapo. Sungunulani kasupuni kakang'ono ka sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi, poperani madzulo dzuwa litapepa makamaka kunsi kwa masamba, mubwereze pakatha masiku anayi kapena asanu. Nsonga imene yadzaziratu ingodulani mutaye kutali.

Za mbewu, maluwa ofota muzidula ndi sizasi kawiri pasabata kuti azimasulabe ena, chifukwa mukawasiya chomeracho chimayamba kupanga mbewu nkusiya kumasula. Cha mu Meyi sankhani mitu ingapo yokongola muisiye iume pamtengo pomwepo mpaka mbewu zide ndi kutambasuka ngati minga, thyolani tsiku lopanda chiperoni, yanikani pa lichero pamthunzi masiku atatu kenako muike mu envulopu, osati m'jumbo, zimachita nkhungu. Lembanipo chaka. Musadabwe ngati mwa oyera mudzatuluka a pinki, njuchi zimasakaniza, ndipo zimene zagwera pansi zidzamera zokha mvula yoyamba ikadzagwa, mudzangopatulira.