Mafunso a Owerenga: Mwana wanga akuthamanga pa njinga yamagetsi, kodi mlandu ungagwere ndani?

FUNSO

Alangizi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala mumzinda wa Leeds ku England, kumene ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mwana wathu wachisamba, mnyamata wa zaka 15, anatiumiriza kwa nthawi yaitali kuti timugulire njinga yamagetsi ngati ya anzake, mpaka bambo ake anamugulira kwa munthu wina amene anaitsatsa pa Facebook. Ine ndinkayesa ndi njinga yakapalasa yokhala ndi batire, yoti izimuthandiza kukwera chitunda popita kusukulu. Mwezi watha mayi wina woyandikana nafe nyumba anandionetsa kanema wa pafoni: mwana wanga akupitirira galimoto mumsewu wa kwathu, tayala lakutsogolo lili m'mwamba, mnzake atamukweza kumbuyo, onse awiri mitu ili pamtunda. Nditamufunsa anati anzake onse amatero ndipo apolisi sathamangitsa ana. Bambo ake akuti ndikukulitsa nkhani, poti nawonso anakulira pa njinga. Njingayo ilibe zopalasira, ili ndi popondera pokha, ndipo m'mbali mwake munalembedwa Sur-Ron. Kodi ndi yololedwa? Nanga atagunda munthu, mlandu ungakhale wa yani, poti iyeyo ndi mwana?

Mayi wodera nkhawa, Leeds

YANKHO

Mayi, nkhani simukuikulitsa ayi, ndipo chinthu choyamba chimene inu ndi bambo a mwanayu muyenera kugwirizana n'chakuti chimene chili pakhomo panupo si njinga yakapalasa. Malamulo a ku Britain amasiyanitsa mitundu iwiri ya njinga zoyendera batire. Mtundu woyamba, umene boma limautcha EAPC, ndi njinga yokhala ndi zopalasira, ya mota yosapitirira mawati 250, imene motayo imasiya kukankha liwiro likafika mamailosi 15.5 pa ola, omwe ndi makilomita 25. Njinga yotereyi mwana wa zaka 14 kapena kuposerapo akhoza kuikwera pamsewu popanda laisensi, nambala kapena inshuwalansi. Njinga iliyonse imene yalumpha malire amenewa, kaya chifukwa mota ndi yamphamvu kwambiri, kaya chifukwa ilibe zopalasira, lamulo limaiwerengera ngati njinga yamoto, ngakhale kuti silira ndipo simwa petulo.

Njinga za Sur-Ron, pamodzi ndi zinzake za Talaria, zinapangidwira kuthamanga m'malo a fumbi ndi matope, kutali ndi misewu ya anthu. Yotchuka kwambiri pakati pa achinyamata, ya Light Bee, mphamvu yake imafika mawati 6,000 ndipo imathamanga kuposa makilomita 70 pa ola. Kunena mosapsatira, bambo a mwanayu anamugulira njinga yamoto ya kabaza yosalira, ndipo sindikhulupirira kuti iwo akanakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre akanapereka makiyi a njinga ya kabaza kwa mwana wa Fomu 2 n'kumati ndi choseweretsa. Pali mtundu wina wa Sur-Ron wololedwa pamsewu, koma umenewo liwiro lake analitsekera pa mamailosi 28 pa ola, umalembetsedwa ku DVLA, nthambi ya boma yolembetsa magalimoto ndi kupereka malaisensi, umakhala ndi nambala kumbuyo, ndipo woyendetsa amayenera kukhala wa zaka 16, wokhala ndi laisensi ya ophunzira, inshuwalansi, chipewa cha njinga yamoto, komanso atachita maphunziro a CBT, omwe ndi maphunziro oyambirira a kayendetsedwe ka njinga yamoto. Ngakhale atakwaniritsa zonsezi saloledwa kukweza mnzake kumbuyo. Mwana wanu wa zaka 15 alibe njira iliyonse yovomerezeka yokwerera njingayi pamsewu, m'njira ya oyenda pansi, kapena m'paki. Malo okhawo amene angaikwere ndi pamalo a munthu amene mwini wake wavomereza.

Tsopano ku funso lanu lenileni. Ku England ndi ku Wales mwana amayamba kuyankha milandu ali ndi zaka 10, choncho mnyamata wanu akhoza kuimbidwa mlandu woyendetsa popanda laisensi, popanda inshuwalansi, ngakhalenso woyendetsa moopsa, ndipo mapointi a chilango amene khoti lingamupatse amasungidwa pa dzina lake ngakhale laisensiyo asanaitenge. Tsiku limene adzafune inshuwalansi ya galimoto yake yoyamba akhoza kudzawapeza akumudikira. Koma mlandu suthera pa mwanayo. Lamulo la zapamsewu, Road Traffic Act la chaka cha 1988, mu gawo 143, limati wolakwa si yekhayo amene wayendetsa popanda inshuwalansi, komanso aliyense amene wachititsa kapena kulola kuti wina atero. Kholo limene linagula njingayo, limaisunga m'nyumba mwake, limalipira magetsi oitchajira, ndipo limaona mwana akutuluka nayo pageti, n'kovuta kuti likaime pamaso pa woweruza n'kunena kuti silinalole. Chilango chake ndi chindapusa pamodzi ndi mapointi 6 mpaka 8 pa laisensi ya kholo lomwelo, ndipo kusadziwa kuti njingayo imafuna inshuwalansi sikupulumutsa munthu. Kwa mwana wosakwana zaka 16, kholo limayenera kupezeka kukhoti, ndipo kawirikawiri chindapusa cha mwanayo khoti limalamula kuti alipire ndi makolo.

Inu mwanena kuti mumasamalira okalamba m'makomo mwawo, ntchito imene ambiri amaigwira poyenda pagalimoto kuchoka khomo ili kupita lina. Laisensi yokhala ndi mapointi otere imakweza mtengo wa inshuwalansi ndipo abwana ambiri amafuna kuidziwa. Palinso mbali ina imene mabanja a Amalawi ndi a anzathu a ku Zambia amene akali pa ziphaso zokhalira m'dzikomo sayenera kuiiwala: popempha chilolezo chokhazikika kapena unzika, munthu amafunsidwa za milandu imene khoti linamupeza nayo wolakwa, kuphatikizapo ya pamsewu, ndipo pa nkhani ya unzika khalidwe la mwana limaunikidwanso kuyambira ali ndi zaka 10. Sindikunena kuti mlandu umodzi ungagwetse pempho lanu, koma si chinthu choti banja lingachiike dala panjira yake chifukwa chofuna kusangalatsa mwana.

Atagunda munthu n'kumuvulaza, nkhani imalemera kwambiri. Malamulo a ku England sanena kuti kholo lizilipira chilichonse chimene mwana wawononga chabe chifukwa ndi kholo, koma kholo likhoza kusumiridwa pa kusasamala kwake komwe ngati linapereka kwa mwana chinthu choopsa n'kulephera kumuyang'anira, makamaka litachenjezedwa kale. Inu mwauona kanema uja, ndiye kuti kuyambira tsiku limenelo simunganenenso kuti simumadziwa. Pali bungwe la Motor Insurers' Bureau limene limapepesa anthu ovulazidwa ndi oyendetsa opanda inshuwalansi, koma likalipira lili ndi ufulu wolondola ndalamazo kwa amene anachititsa ngoziyo, ndipo chipepeso cha munthu amene walumala moyo wake wonse si ndalama yoti banja lamalipiro a pamwezi lingaikwanitse.

Zoti apolisi sathamangitsa ana zili ndi kachoonadi kochepa, chifukwa apolisi amapewadi kuthamangitsana ndi mwana wopanda chipewa poopa kuti angagwe n'kufa. Koma kusathamangitsa sikutanthauza kusiya. Amagwiritsa ntchito makanema a anthu oyandikana nawo, ngati amene mwaonetsedwa inuyo, ndi amene anawo amadzijambula okha n'kuika pa TikTok, kenako amagogoda pakhomo. Lamulo limawapatsa mphamvu yolanda njinga yopanda inshuwalansi, ndipo popeza mwini wake sangathe kuonetsa mapepala oiombolera, mathero ake nthawi zambiri amakhala kuphwanyidwa.

Kwa bambo a mwanayu, amene akuti anakulira pa njinga, ndikupempha mwaulemu kuti aganizire za liwiro. Mphamvu imene thupi limagunda nayo chinthu imakula mofulumira kuposa liwirolo: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi, ndipo likawirikiza katatu, imawirikiza kasanu n'kanayi. Pa makilomita 70 pa ola mwana amadutsa mamita 19 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti galimoto ikatulukira chambuyo pageti la nyumba, kapena kamwana kakadumphira mumsewu potsatira mpira, iye amakhala atafika kale asanagwire n'komwe buleki. Misewu ya m'madera okhala anthu ndi yopapatiza, yodzaza magalimoto oimikidwa mbali zonse, ndipo njingayi sichenjeza munthu ndi phokoso. Chipewa cha njinga yakapalasa nachonso sichingathandize kwenikweni, poti amachiyesa pa liwiro la pafupifupi makilomita 20 pa ola basi. Pa 22 Meyi 2023, m'dera la Ely mumzinda wa Cardiff, anyamata awiri, wa zaka 15 ndi wa zaka 16, anafera limodzi atakwerana pa njinga ya mtundu womwewu wa Sur-Ron mumsewu wa pakati pa nyumba za anthu, ndipo usiku womwewo kunabuka zipolowe. Patangotha masabata ochepa, mnyamata wina wa zaka 15 anafa ku Salford njinga yake yamagetsi itawombana ndi ambulansi.

Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kukambirana za malamulo a kakweredwe, monga akuti uzibwera isanakwane 6 koloko kapena usamakweze mnzako. Malamulo oterewa amagwira ntchito pa chinthu chololedwa, osati pa chinthu chimene kungotuluka nacho pageti ndi mlandu kale, komanso inu mukakhala pa shifiti ya usiku palibe amene angawalondole. Chotsani batire ndi makiyi lero lomwe n'kuzisunga pamalo pamene mwanayo sangafikepo, chifukwa njingayi popanda batire siyenda. Mukatero khalani pansi ndi bambo ake poyamba, paokha, mwana asakumva, kuti mukamadzalankhula naye mawu anu akhale amodzi. Mwana wa msinkhu umenewu akaona mpata pakati pa bambo ndi mayi amadutsa pomwepo. Ngati mtima wa mnyamatayu uli pa njinga zamoto, musaupondereze: pali mabwalo ovomerezeka a masewera amenewa kumene amakwera atavala zodzitetezera zonse ndipo pali akuluakulu owayang'anira, ndipo akakwana zaka 16 mukhoza kumulipirira maphunziro a CBT. Ngati mulibe galimoto yonyamulira njingayo kupita kumabwalo oterowo, igulitseni kwa munthu wamkulu mumugulire yololedwa. Mayi amene anakuonetsani kanema uja mukawathokoze, ndipo makolo a mwana amene anakwezedwa kumbuyo muwadziwitse, chifukwa mwina nawonso akuyesa kuti mwana wawo amakhala akuwerenga kwa mnzake.

FUNSO

Alangizi, ine ndinagulira mwana wanga wa zaka 14 njinga yamagetsi yololedwa, ya mawati 250, m'sitolo yodziwika bwino. Koma masiku ano ndikuona ngati ikuthamanga kuposa kale, ndipo wagulanso tchaja ina pa intaneti. Ndingadziwe bwanji ngati waisintha?

Bambo wa ku Manchester

YANKHO

Bambo, kukayikira kwanu kuli ndi maziko, chifukwa kuchotsa malire a liwiro pa njinga zambiri n'kosavuta, ndipo makanema ophunzitsa zimenezi ali mbwee pa YouTube. Ena amangosintha manambala pa kawotchi ka pahandulo, ena amalumikiza kachipangizo konamiza mota kuti njinga ikuyenda pang'onopang'ono. Njira yachidule yodziwira ndi kuikwera nokha pamalo abata mutatsegula pulogalamu yoyeza liwiro pafoni yanu, osadalira kawotchi ka njingayo, poti nako kakhoza kukhala kakunama. Mukafika makilomita 25 pa ola muyenera kumva mota ikusiya kukankha, njinga n'kuyamba kulemera m'miyendo. Kupitirira liwiro limeneli ndi mphamvu ya miyendo si mlandu. Cholakwika n'chakuti mota izikankhabe. Onaninso ngati pahandulo pawonjezedwa chopotokola kapena kabatani koyendetsa njinga mwaliwiro munthu asakupalasa, komanso ngati pali mawaya achilendo omangidwa ndi tepi pafupi ndi mota. Mukapeza kuti yasinthidwa, dziwani kuti pamaso pa lamulo yasanduka njinga yamoto, zoti munaigula m'sitolo ili yololedwa sizikutetezaninso, ndipo zonse zimene ndauza mayi a ku Leeds zikukukhudzani inunso. Pitani nayo kwa okonza njinga aibwezeretse mwakale, mwanayo ali pomwepo.

Tchaja yachilendoyo ichotseni m'nyumba osadikira. Mabatire a njingazi akatchajidwa ndi tchaja yosagwirizana nawo amatha kutentha mpaka kuphulika, ndipo moto wake umakula m'masekondi ochepa n'kutulutsa utsi wapoizoni. Ozimitsa moto a mumzinda wa London ananena kuti m'chaka cha 2023 ankaitanidwa ku moto wa njinga kapena sikuta yamagetsi pafupifupi kamodzi pa masiku awiri alionse. Gwiritsani ntchito tchaja imene inabwera ndi njingayo, muzitchaja masana pali munthu wamkulu, ndipo musamaiimike m'khonde lamkati kapena pansi pa masitepe, pamene banja lonse lingadutsire pothawa moto.