Kaliba imodzi yosakira nyama zazikulu: .30-06 kapena .375?

Funso: Ndimakhala ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Alamu anga, amene amagwira ntchito ndi alenje ovomerezeka kuchigwa cha Luangwa m'dziko la Zambia, andiitana kuti ndikasake nawo, koma ndalama zanga zikukwanira mfuti imodzi yokha. Kodi ndisankhe kaliba iti yoti igwetse ngoma, nchefu, mwinanso njati?

Yankho: Bambo, funso lanu lonse lagona pa mawu akuti "mwinanso njati", choncho ndiyambira pa nyama zinazo. Kaliba ndi kukula kwa chipolopolo ndi bowo la mpope umene chimadutsamo. Pa nswala, ngoma, mphalapala ngakhale nchefu, ine ndingakusankhireni .30-06 Springfield, imene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1906. Chipolopolo chake cholemera pafupifupi magalamu 12 chimatuluka pa liwiro la mamita oposa 800 pa sekondi, ndipo chikalasa kumbuyo kwa phewa, pamene pali mtima ndi mapapo, nyama siyenda mtunda wautali. Nchefu imafuna chipolopolo cholimba chosaphwanyika pa fupa, poti yamphongo ndi yaikulu ngati ng'ombe.

Njati ndi ina. Khungu lake ndi lochindikala, nthiti zake ndi zokhuthala, ndipo ikavulazidwa imabisala m'zitsamba n'kutembenukira mlenje. N'chifukwa chake mayiko ambiri amene amalola kusaka nyama zoopsa salola kaliba zazing'ono. Ku Zimbabwe, mwachitsanzo, lamulo limafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 pa njati, njovu ndi mvuu. Apa mfuti yodalirika ndi .375 H&H Magnum, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inatulutsa mu 1912. Chipolopolo chake ndi cha mamilimita 9.5, cholemera magalamu 19, ndipo chimaulukanso mowongoka moti chimagwetsa nswala popanda vuto. Ilipo inanso, 9.3x62 ya Otto Bock wa ku Berlin, ya mu 1905, koma muyambe mwafunsa ngati ikuloledwa kumene mukupitako.

Vuto la .375 ndi kukankha kwake, kumene kumaposa kwa .30-06 pafupifupi kawiri. Munthu amene phewa lake lamenyedwa kangapo amayamba kutsinzina ndi kugwedeza mfuti chala chisanamalize kukoka, ndipo pamenepo chipolopolo chimakalowa m'mimba mwa nyama, imene imakafera kutali mozunzika patapita masiku. Zimenezi zimandiwawa kuposa kuphonya. Zipolopolo zake ndi zodulanso, kotero ambiri sayeserera mokwanira. Ngati njati ilidi pa chilolezo chanu, gulani .375 ndipo muyeserere mpaka phewa lizolowere. Ngati ndi chikhumbo chabe, tengani .30-06, tsiku la njatilo mudzabwereke mfuti kwa alenje okutsogolerani.

Musanalipire chilichonse, pezani laisensi ya mfuti kupolisi ndi zikalata zoolokera nayo malire. Laisensiyo sikupatsani ufulu wosaka kuno kwathu: njovu za m'nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima ndi zotetezedwa, ndipo lamulo la zinyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafika pa zaka 30 m'ndende.

Funso la munthu wina: Kuno ku Dedza ndili ndi mfuti ya .303 yolembetsedwa imene anandisiyira malemu bambo. Kodi singagwire ntchito imeneyi?

Yankho: Pa ngoma ingathe, poti mphamvu zake zimangochepera pang'ono pa za .30-06, koma pa njati musaidalire. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mpope wake. Zipolopolo zakale za usilikali zinkasiya mchere m'kati, ndipo ndi chinyezi cha m'mapiri a Dedza dzimbiri limadya mizere yopota imene imazunguliritsa chipolopolo. Chotsani bawuti (chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope), muunike m'bowomo ndi tochi. Mizereyo ikakhala yofufutika kapena muli timaenje, mupite nayo kwa wokonza mfuti wovomerezeka musanaiwombenso.