Tizilombo ta m'matumbo ndi kunenepa: yankho kwa achemwali ofuna "kutsuka m'mimba"

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti tizilombo ta m'matumbo ndi timene timanenepetsa munthu, komanso ngati mugule tiyi wotsuka m'mimba ndi makapisozi a probiotics (amene amati muli tizilombo tothandiza m'matumbo) amene wina akukutsatsani. Mundipirire, ndilemba zambiri, chifukwa nkhaniyi inandikhudzapo. Mng'ono wanga anamwa tiyi wotereyu sabata ziwiri. Usiku wonse ankangokhalira kuchimbudzi, milomo inauma gwa, sikelo n'kutsikadi pang'ono. Atasiya, thupi linabwerera pomwe linali, poti chimene chinachoka chinali madzi.

Tizilomboto tilipodi. Munthu wamkulu amakhala ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, ambiri m'matumbo aakulu. Si dothi loti mutsuke ayi. Ntchito yawo n'kugaya zimene mimba yathu yalephera, monga khungu la nyemba, gaga wa chimanga ndi mitsempha ya masamba, zomwe achipatala amati fayiba. Akagaya amatulutsa timichere tina, monga butyrate, todyetsa khoma la matumbo, ndipo tina timathandiza kuuza ubongo kuti munthu wakhuta.

Zoti tizilomboti tili ndi mbali pa kunenepa zinaonekera bwino mu 2013, kwa gulu la wasayansi Jeffrey Gordon wa ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America. Anapeza mapasa aakazi, wina wonenepa wina wochepa thupi, n'kutenga tizilombo ta aliyense kuika mu mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse. Mbewa zolandira ta wonenepa zinaunjika mafuta ambiri kuposa zinzake. Otsatsa malonda amathera pomwepa. Koma panali mbali yachiwiri. Ataziika m'khola limodzi, popeza mbewa zimadya chimbudzi cha zinzake, tizilombo ta wochepa thupi tinalowa mu zinazo n'kuziteteza kuti zisanenepe. Izi zinkatheka pokhapokha zikamadya zakudya za masamba ndi zipatso zambiri. Zikapatsidwa zonona zopanda masamba okwanira, tizilombo tabwinoto tinkalephera kukhazikika.

Chaka chomwecho gulu lomweli linatulutsa zimene linapeza kwathu kuno ku Malawi, litatsatira mapasa awiriawiri okwana 317. M'nyumba imodzi, mbale imodzi, mwana wina n'kutupikana ndi kwashiorkor mnzake ali bwino. Mbewa zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwalayo, n'kumadya chakudya chonga cha kumudziko, zinawonda kwambiri. Ndikaganiza za amayi amene amanenedwa kuti akukondera mwana mmodzi, mtima umandiwawa. Apanso mukuona kuti tizilombo ndi chakudya zimayendera limodzi.

Nanga pa anthu? Ku Auckland, m'dziko la New Zealand, achinyamata 87 onenepa kwambiri analowa m'kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020, ena n'kumwa makapisozi a tizilombo tochokera kwa anthu ochepa thupi. Patatha miyezi 6, sikelo sinasonyeze kusiyana ndi amene anamwa makapisozi opanda kanthu. Ngati madokotala ndi zipangizo zawo zonse sanathe, ine sindingakhulupirire botolo logulitsidwa pa WhatsApp.

Chimene chimasintha tizilomboti mwachangu ndi mbale. Dokotala Stephen O'Keefe anasinthanitsa chakudya cha anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku America ndi cha anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa. Zotsatira zinatuluka mu 2015: pa sabata ziwiri zokha, butyrate anakwera kuposa kawiri mwa Aamerika odya za chimanga ndi nyemba, ndipo anatsika ndi theka mwa Aafirika odya nyama zonona ndi tchipisi.

Tsono taonani zimene timachita ife. Timapita kuchigayo kukakonola, madeya n'kugulitsa kwa oweta nkhumba, mphale n'kuviika masiku angapo, tigaye ufa woyera mbee. Chakudya cha tizilombo tathu chija chapita kukhola. Tikafika m'tauni mgaiwa timauona ngati wa kusukulu yogonera kapena wa chaka cha njala, m'mawa ndi buledi woyera ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, masana tchipisi ndi chakumwa cha m'botolo. Pamenepo munthu anganenepe ngakhale tizilombo take titakhala tabwino bwanji, pajatu chibadwa, tulo, kuyenda ndi kukula kwa mitanda ya nsima zili ndi mbali yake.

A World Health Organization amati wamkulu azidya fayiba wosachepera magalamu 25 pa tsiku. Ndalama ya tiyi ija mugulire nyemba, nandolo, khobwe, nzama, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, mbatata, magwafa ndi malambe. Ngati a kunyumba akukana mgaiwa, yambani n'kusakaniza theka ndi theka. Chambiko ndi thobwa ndi zabwino, bola osathira shuga wambiri. Musamagulenso amoxicillin pagolosale chifukwa cha chimfine, amapha ndi tizilombo tothandiza tomwe.

Sabata zoyamba mimba idzafufuma ndi mpweya, musadabwe, onjezerani nyemba pang'onopang'ono ndipo muzimwa madzi. Ndipo popeza mwati thupi lakwera msanga chaka chino, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, muwauzenso mankhwala alionse amene mukumwa, kuphatikizapo a kulera.