Kukaoda katundu ku Guangzhou: mayendedwe ake ndi otere, achemwali

Achemwali, mwafunsa kuti munthu akatsika ndege ku Guangzhou amayambira pati, ndipo amayenda bwanji mumzinda waukulu chonchija pomwe Chitchaina sachidziwa. Mwanenanso kuti mpamba ulipo, koma mukuopa kusochera. Mantha amenewo ndikuwamvetsa chifukwa nanenso ndinali nawo. Zimene ndaona pa maulendo anga nzakuti geni ya ku Guangzhou imayendera miyendo. Katundu aliko wambirimbiri, koma mtundu uliwonse uli ndi dera lakelake, ndipo masiku amene akupatsani pa visa ndi owerengeka. Wosadziwa njira amathera masikuwo pamsewu, kenako amagula mothamanga pa shopu yoyamba imene waiona.

Yambani ndi mtsinje. Pakati pa mzindawu padutsa mtsinje wa Pearl, eni ake amati Zhujiang, ndipo malonda onse akale anayambira m'mphepete mwake. Kuchokera mu 1757 mpaka 1842, amalonda a ku Ulaya ankaloledwa kugula ndi kugulitsa pa doko lokhali m'dziko lonse la China, pa malo otchedwa Shisanhang. Dzinali lilipobe, ndipo lero ndi msika wopikulitsa zovala, makamaka za amayi. Ndikukuuzani zimenezi kuti mapu akhazikike m'mutu: misika yakale ili kumpoto kwa mtsinje kufupi ndi madzi, misika imene ife a ku Africa timaikonda ili chakumtunda pang'ono, ndipo msika wa nsalu ndi bwalo la Canton Fair, chionetsero chachikulu cha malonda, zili kutsidya, chakummwera.

Sitima yapansi panthaka, ija amati metro, ndiyo mudzaidalire kwambiri. Njanji iliyonse ili ndi nambala ndi mtundu wake, mayina a masiteshoni alembedwanso m'zilembo zathuzi, ndipo mtengo umayambira pa 2 yuan, ndalama ya ku China, n'kumakwera malinga ndi mtunda. Kuchokera pa bwalo la ndege la Baiyun, Line 3 imakulowetsani mumzinda. Mukakhala masiku angapo gulani khadi la Yang Cheng Tong, limagwiranso ntchito m'basi, kuti musamaime pamzere wa makina ulendo uliwonse. Polowa pa siteshoni chikwama chimadutsa pa makina ounika, musadabwe nazo.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri si sitima ayi, koma potulukira. Siteshoni imodzi imakhala ndi makomo angapo, A, B, C, D, ndipo mukatulukira lolakwika mumapezeka kutsidya kwa msewu waukulu wosawolokeka mwachisawawa. Choncho wina akamakulozerani msika, mufunseni siteshoni ndi chilembo cha khomo, mulembe m'kabuku.

Masiteshoni oti muwaloweze pamtima si ambiri. Xiaobei, pa Line 5, ndi kumene mudzakumane ndi anzathu ochokera ku mayiko osiyanasiyana a mu Africa, komanso maajenti otumiza katundu. Siteshoni yotsatira ndi Guangzhou Railway Station, pomwe Line 5 imakumana ndi Line 2, ndipo pafupi pomwepo pali msika wa zovala wa Baima ndi misika ya mawotchi ndi nsapato ya ku Zhanxi Road. Mukakwera Line 2 kulowera kumpoto mufika ku Sanyuanli, dera la zikwama ndi zinthu zachikopa. Mukatsika nayo kummwera mufika pa Haizhu Square, pafupi ndi mtsinje, kumene kuli Yide Road ndi zidole, zokongoletsera m'nyumba ndi timphatso. Nsalu zili ku Zhongda, kutsidya, pa Line 8. Matailosi ndi mipando musavutike kuzifuna mumzindamu, pitani ku Foshan, mzinda woyandikana nawo.

Ku Shisanhang ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi kumene ambiri amataya tsiku. Msikawu umadzuka m'mamawa kwambiri ndipo dzuwa likafika paliwombo ogulitsa amayamba kulongedza. Mukanyamuka ku hotelo 10 koloko mudzapeza anthu akumanga mabelo. Tsikirani pa Cultural Park, Line 6, mufike msanga, muvale nsapato zafulati, chikwama chikhale kutsogolo. Tinjira take ndi topanikizika, anyamata okoka ngolo amathamanga ndi katundu, ndipo ogulitsa alibe nthawi yocheza. Mtengo amaulemba pa calculator, inu mufafanize mulembe wanu. Funsani kaye kuti amayambira zingati pa mtundu umodzi, chifukwa mtengo wa chovala chimodzi ndi wa khumi ndi ziwiri ndi wosiyana kutalitali. Ulendo woyamba musagule. Zungulirani, jambulani katundu pamodzi ndi kakhadi ka shopu, mubwerere mawa lake mutayerekeza.

Tsopano za foni, ndipo izi mukonze musanakwere ndege. WhatsApp, Facebook ndi Google sizitseguka pa intaneti ya ku China. Ikani WeChat, chifukwa wogulitsa aliyense adzakupemphani imeneyo, ndipo imamasulira mauthenga. Ikaninso Alipay. Kuyambira 2023 ziwirizi zimalola kulumikiza khadi la Visa kapena Mastercard lakunja, ndipo pafupifupi chilichonse kumeneko amalipira pojambula kachizindikiro ndi foni. Ndalama zapamanja zimalandiridwabe, koma chenji chimavuta. Mapu odalirika ndi a Amap, ndipo galimoto yahayala mumaitana pa DiDi, mtengo n'kuonekeratu musanakwere. Ine ulendo wanga woyamba ndinakwera galimoto ya munthu amene anandikodola panja pa bwalo la ndege, ndipo ndalama imene anandilipiritsa inandipweteka mtima sabata yonse. Tengani kakhadi ka hotelo yanu kolembedwa m'Chitchaina, kakhale m'thumba nthawi zonse.

Katundu wambiri salowa mu metro, ndiye musaganize zomadzinyamulira. Mmene timachitira ndi motere: mumasankhiratu ajenti wotumiza katundu, akupatsani adilesi ya nyumba yake yosungiramo katundu, ndipo shopu iliyonse imene mwagulako imatumiza makatoni kumeneko atalembedwa dzina lanu ndi nambala yanu ya foni. Ngati shopu situmiza, pali timavani ta Huolala toitanitsa pa foni. Musananyamuke pitani nokha kukawerenga makatoni ndi malisiti m'manja. Katundu wa pa sitima yam'madzi amalipiritsa potengera malo amene watenga m'kontena, amati CBM, pomwe wa pa ndege amayeza makilo. Funsitsani ngati mtengowo ukuphatikiza msonkho wa pa chipata kapena ayi, ndipo yankho likhale lolembedwa. Apa ndi pomwe maubale ambiri a pa geni amathera.

Malamulo musawaone mopepuka, achemwali. Pasipoti muyende nayo. Hotelo imakulembetsani kupolisi yokha, koma mukagona kunyumba kwa mnzanu muyenera kukalembetsa pasanathe maola 24. Kupyola masiku a visa chindapusa chake ndi 500 yuan pa tsiku, ndipo zikhoza kukutsekerani khomo lodzabweranso. Za Canton Fair, imene inayamba mu 1957 ndipo imachitikira ku Pazhou cha mu Epulo ndi Okutobala, maganizo anga ndi akuti woyamba kumene aipewe nyengoyo. Mahotelo amakwera mtengo, sitima zimadzaza, ndipo ambiri oonetsa katundu kumeneko amafuna maoda aakulu a kontena yathunthu.

Tsiku limodzi lisiyeni lopanda msika. Miyendo idzakhala itatupa ndipo mutu wotopa umalakwitsa masamu. Tsikirani pa Huangsha, muwolokere pa kachilumba ka Shamian, kumene kuli nyumba zakale zimene anamanga Angerezi ndi Afalansa, pansi pa mitengo ikuluikulu. Chapafupi pomwepo pali boti la anthu wamba lowolotsa kupita ku Fangcun, dera lotchuka ndi msika wa tiyi, ndipo mtengo wake ndi wochepa ngati wa basi. Ine ndimakhala pa benchi m'mbali mwa madzi ndi kabuku kanga, kuwerengetsa zimene ndagula ndi zimene zatsala, ndisanapite kwa ajenti mawa lake.

Mukadziwa tsiku lonyamuka mundiuze mtundu wa katundu amene mukufuna, ndikulembereni masiteshoni motsatana, kuti musamawoloke mtsinje kawiri pa tsiku.