Chifukwa chake achimwene anu amamva fungo la matope koma nkhani yake sailongosola

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera pa imelo za achimwene ake amene anapulumuka pamene matope ndi miyala zinagumuka m'phiri la Soche mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Akuti mvula ikangoyamba kugunda pamalata, bambowo amanjenjemera, amatuluka thukuta, n'kunena kuti akumva fungo la matope, koma akafunsidwa zimene zinachitika tsiku lija, nkhani yawo imakhala yodukaduka, moti abale ena ayamba kuwakayikira. Funso la mayiwo ndi lakuti, zimatheka bwanji munthu kukumbukira kwambiri chotere, n'kulepheranso kufotokoza?

Mayi, zimene mwalembazi zikufanana ndi vuto limene madokotala amalitcha PTSD, kuvutika maganizo kumene kumatsalira munthu akadutsa m'zoopsa kwambiri, ngakhale kuti wotsimikizira ndi dokotala amene angawaone maso ndi maso. Dzinali linalowa m'buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America m'chaka cha 1980, makamaka chifukwa cha asilikali ochokera kunkhondo ya ku Vietnam.

Mukakumbukira ukwati wa mnzanu, mumadziwa kuti unachitika liti, kuti, ndi chimene chinatsatira china. Mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus ndiyo imalumikiza chochitika ndi nthawi komanso malo ake. Palinso ina, amygdala, imene ili ngati mlonda wa usiku: siifunsa tsiku, imangokuwa ikaona choopsa. Munthu akakhala pakati pa moyo ndi imfa, mlondayu amagwira mwamphamvu phokoso, fungo ndi kugunda kwa mtima, pamene ntchito yoika zinthu m'ndondomeko imafooka. Katswiri wa za maganizo Chris Brewin ndi anzake ku England analongosola m'chaka cha 1996 kuti pamatsala zikumbukiro za mitundu iwiri: zimene munthu angaziitane n'kuzifotokoza ndi pakamwa, ndi zimene zimangobuka zokha zikadzutsidwa ndi chinthu chofanana ndi cha tsiku lija. Anke Ehlers ndi David Clark anatsindika m'chaka cha 2000 mfundo imene ndimaiona kuti ndiyo phata la nkhaniyi, yakuti chikumbukiro chobukacho chimabwera chopanda chizindikiro choti ndi chakale. Kwa achimwene anu, mvula ikagunda pamalata, phiri likugumuka lero lomwe.

Si akatswiri onse amavomereza kuti zikumbukiro zotere zimakhala zodukaduka. David Rubin ndi Dorthe Berntsen amatsutsa, ndipo amati vuto lalikulu n'lakuti tsokalo limakhala pakati penipeni pa moyo wa munthu, china chilichonse n'kumayezedwa ndi ilo. Kuona kwanga n'kwakuti munthu angathe kusimba ulendo wonse bwinobwino, n'kusokonezeka pa mphindi zochepa zoopsetsetsa zokha, ndipo kusokonezeka kumeneko si umboni wa bodza. M'chaka cha 2023 ofufuza a ku yunivesite ya Yale ndi kusukulu ya zachipatala ya Mount Sinai ku America anaunika ubongo wa anthu 28 odwala PTSD akumvetsera nkhani za moyo wawo, ndipo anapeza kuti hippocampus inkasamalira nkhani zachisoni wamba mwa njira yosiyana ndi ya nkhani za tsoka lenilenilo. Anthuwo anali ochepa, choncho tisakokomeze, komabe zotsatirazo zikugwirizana ndi zimene odwala akhala akunena.

N'chifukwa chake thandizo lodalirika silifuna kufafaniza chikumbukiro, koma kuchibwezera pamalo pake m'mbiri ya munthu. Njira ina, imene Maggie Schauer, Frank Neuner ndi Thomas Elbert anaiyesa pakati pa othawa kwawo a ku Sudan okhala ku Uganda, imayamba ndi chingwe choyalidwa pansi choimira moyo wonse. Wodwala amaika maluwa pa zokondweretsa ndi miyala pa zowawa, kenako iye ndi mlangizi amadutsa mwala uliwonse pang'onopang'ono mpaka fungo ndi phokoso zija zitapeza tsiku ndi malo ake.

Ntchito imeneyi ndi ya mlangizi wophunzitsidwa, osati ya abale atazungulira munthu pakhonde n'kumamupanikiza ndi mafunso. Popeza zizindikirozi zapitirira kutali mwezi umodzi, apititseni kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse ogwira ntchito za matenda a maganizo, amene angawatumize ku Zomba Mental Hospital ngati pangafunike kutero. Pakadali pano, mvula ikayamba, khalani nawo pafupi, muwatchule dzina modekha, muwauze tsiku la lero ndi nyumba imene alimo.