Ndigule filling station ya kunyanja kapena ndichite lendi?

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndimakhala ku Chilomoni, ndagwira ntchito zaka 22 pa kampani ina ku Limbe ndipo posachedwapa ndilandira za penshoni. Alamu anga andipezera filling station pa katauni kena m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, mapampu awiri ndi kashopu, koma yakhala yotseka chaka ndi theka. Eni ake akuti nditha kugula malo onse kapena kuchita lendi zaka zisanu. Mayi akunyumba akuti tigule basi, lendi nkutaya ndalama. Ine ndili ndi mitima iwiri, ndithandizeni. Bambo wa ku Chilomoni

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke, paja safunsa anadya phula. Ine ndikuti yambani ndi lendi. Mayi akunyumba ndikuwamvetsa ndithu, tonsefe timafuna chathuchathu choti ana adzatsale nacho, koma chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi chaka ndi theka chotsekacho. Anatsekeranji? Musamve kwa eni ake okha, kafunseni akabaza ndi amayi ogulitsa nsomba pamsewupo, amenewo ndi amene amadziwa zoona.

Pa filling station chomwe mukugula kwenikweni chili pansi pa nthaka, matanki ndi mapaipi, osati denga lopentedwa bwinolo. Kunyanja madzi ali pafupi, mukangokumba pang'ono mwawapeza kale, ndiye thanki yachitsulo ikakhala yopanda kanthu nthawi yaitali imachita dzimbiri, madzi nkumalowa, nthawi zina madzi apansiwo amainyamula ndithu nkuthyola mapaipi. Mukukumbukira mu 2024 nyanja inakwera mpaka malo ogona alendo ambiri ku Mangochi analowa madzi, ndiye kafunseni kuti pamalopo madzi analekezera pati. Thanki ikamadontha mafuta amakalowa m'zitsime ndi m'mijigo ya anthu, amenewo ndi madzi akumwa a ana a eni, ndipo mukakhala kuti malowo mwagula a MEPA oona zachilengedwe adzagogoda pakhomo panu, ndalama yofukula thanki nkukonza dothi idzachoka m'thumba mwanu. Pezani katswiri wanuwanu, osati wobwera ndi ogulitsawo, ayeze matanki ndi mapaipi onse akupatseni lipoti lolemba.

Za mapepala a malo musachite manyazi. Malo ambiri kunyanja anachokera kwa mafumu, kalata ya amfumu payokha sikukwanirani pa bizinesi ngati iyi. Tengani loya akafufuze ku Lands ngati liizi ilipo, ili m'dzina la ndani, yatsala zaka zingati, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Muonenso mgwirizano ndi kampani yobweretsa mafuta, kaya ndi Puma, TotalEnergies, Petroda kapena Mount Meru, chifukwa pena mapampu ndi zikwangwani zimakhala za kampaniyo, munthu nkumakugulitsani zinthu zoti si zake.

Tsopano nkhani ya ndalama, apa ndi pomwe anthu ambiri apenshoni amagwera. Mtengo wa petulo ndi dizilo simuika inu, amaika a MERA oona za mafuta ndi magetsi, ndipo wogulitsa amangopeza kangachepe pa lita iliyonse, kaya ali ku Ginnery Corner kaya ali ku Monkey Bay. Ndiye phindu lili pa kuchuluka kwa malita basi. Mafutawo mumalipira kaye asanatsitse, tangotengani malita 30,000 muchulukitse ndi mtengo wa lero muone mpamba womwe ukufunika pa thanka imodzi yokha yobweretsa mafuta. Penshoni yonse ikathera kugula malo mudzakhala ndi filling station yanuyanu yopanda dontho la mafuta. Ndipo mpambawo umadyeka, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti mafuta nkukwera, ndalama yomwe imadzadza thanki dzulo lake inasiya kukwanira. Onjezaninso nyengo zomwe ndalama zakunja zasowa, mathanka ochokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam akubwera mwa apo ndi apo, inu mwakhala masiku osagulitsa koma antchito, alonda ndi a ESCOM akudikira zawo.

Makasitomala akunyanja nawo ali ndi nyengo zawo. Alendo amadzadza pa Khirisimasi ndi Pasaka kenako zii. Odalirika ndi akabaza a njinga zamoto, maminibasi ndi asodzi a mabwato a injini, koma asodziwo mwera ukamaomba cha mu June ndi July salowa m'madzi kawirikawiri, mwezi ukawala usiku a usipa amapuma, ndipo ambiri amafuna mafuta pangongole kuti adzabweza akagulitsa nsomba. Amagulanso m'zigubu, pomwe a MERA mafuta akasowa amaletsa zigubu kwa amene alibe chilolezo, ndiye mufunsiretu ku ofesi yawo momwe mungawagulitsire asodziwo mosaphwanya lamulo.

Chinanso ndikuuzeni mosabisa chifukwa ndalama zanuzi mwazikhetsera thukuta zaka 22, iyi si bizinesi yoyendetsa pa foni muli ku Chilomoni. Mamawa aliwonse pamafunika kuviika ndodo m'thanki, kuwerenga mamita a mapampu nkufananiza ndi ndalama zomwe zalowa, mukalekerera sabata imodzi malita amasowa osadziwa kuti apita kuti. Ngati inu kapena mayi simungasamukire komweko, ganizaninso bwino.

Mukapita kokambirana pemphani lendi ya zaka ziwiri osati zisanu, ndipo loya alembemo kuti mukafuna kugula mudzakhala oyamba inu pa mtengo womwe mwagwirizana. Alembenso kuti kudontha kwakale ndi kukonza matanki ndi za eni malo, komanso kuti lendi iyambe kuwerengedwa laisensi ya MERA ikatuluka m'dzina lanu, a MBS oona za miyezo atayeza mapampu. Apempheni mabuku a malita omwe ankagulitsa mwezi ndi mwezi asanatseke, akamazemba pamenepo mudziwe kuti pali chomwe akubisa. Ndipo musanasaine chilichonse kwerani basi mukakhale pa katauniko sabata yathunthu, osati ya holide, mukhale pamsewupo ndi kope muziwerenga galimoto ndi njinga zomwe zikudutsa, mudzandilemberenso zomwe mwapeza.